Ulendo wa gulu lathu la amakaniko ku fakitale ya galimoto ya Morgan ku Malvern, ku England

Mkangano uja unabuka pa msonkhano wathu ku Birmingham watha, ndipo amene munatsala mumve bwino: galimoto za Morgan sizikhala pa chasisi cha thabwa. A kalipentala ankati chasisicho n'chathabwa, a pampando ankakana, mpaka anabetcherana mbale ya nkhuku; a pampando ndiwo ankanena zoona. A kalipentala athu nawonso asagwe nkhope, chifukwa thabwa lilimodi, kungoti ntchito yake ndi ina.

Tinadzionera tokha ku Pickersleigh Road, kumene kampaniyi yakhala ikupangira galimoto kuyambira 1914. Amene anaiyambitsa, H.F.S. Morgan, anapanga yoyamba ya matayala atatu mu 1909. Pansi pa galimoto yawo ya Plus Four ya masiku ano pali chasisi cha aluminiyamu, chomata ndi guluu komanso ma rivet, chosakwana makilogalamu 100. Pamwamba pa chasisicho amakhazikapo felemu ya mtengo wa ash, ndiyeno amaikuta ndi malata a aluminiyamu. Mtengowu ndi wopepuka, umapindika osathyoka, ndipo umachepetsa kugwedera.

Kumene tinachedwa ndi kopala matabwa. Felemu yokhota ya pamwamba pa tayala lakumbuyo saisema kuchokera ku chipika. Amatenga timatabwa topyapyala, n'kutipaka guluu, n'kutisanjikiza, kenako n'kutipanikiza pa chikombole chakale chathabwa mpaka guluu atauma. Akamasula, thabwa limatuluka litakhota ndipo silibwerera. A kalipentala anasisita chikombolecho nthawi yaitali mpaka a msungichuma anachita kuwakoka mkono, uku akuwakumbutsa za mbale ya nkhuku imene anabetcha.

Mdani wa felemu imeneyi ndi madzi. Pa galimoto zakale thabwa limayamba kuwola munsi mwa zitseko ndi pomwe pamamangidwa mahinjesi, chifukwa chinyezi chimabisala pakati pa lata ndi thabwa. Chitseko chikayamba kulendewera, musathamangire kusintha mahinjesi. Chitseguleni, chinyamuleni kumapeto, muone ngati nsanamira yake ikusuntha. Ikasuntha, masikuluwu asiya kugwira m'thabwa lofewa. N'chifukwa chake fakitale imaviika felemu mu mankhwala oteteza thabwa isanaikute. Galimoto zakalezo, za chasisi chachitsulo chimene anasiya mu 2020, zilinso ndi sasipenshoni yakutsogolo yotchedwa sliding pillar. Ma kingpin ake, zitsulo zoimirira zimene matayala akutsogolo amazungulirapo pokhota, amafuna girisi pafupipafupi; akauma, mabushi amadyeka ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera.

Otiyendetsa anafotokozanso za injini: Plus Four ili ndi ya BMW ya malita 2.0 ya turbo, pamene Super 3, ya matayala atatu, ili ndi ya Ford ya malita 1.5 ya masilinda atatu. 

Pobwerera, singano ya kutentha kwa minibasi yathu inakwera tili pa msewu waukulu wa M5. A dalaivala anachita bwino kukaima pamalo opumira n'kuzimitsa injini. Palibe anakhudza chotsekera madzi mpaka injini itazizira, chifukwa madzi opanikizika amawotcha nkhope. Vuto linali paipi yapansi ya radiyeta, yong'ambika pafupi ndi kilipu. Anyamata athu anadula kachidutswa kong'ambikako, anabwezera paipi, anamanga kilipu, anathira madzi, n'kuliza injini hita ili yotsegula kuti mpweya utuluke. Mpweya ukatsalira m'kati, singano imakweranso musanapite patali.

Podikira m'pamene amayi anatsegula mapoto: mpunga, nkhuku yokazinga ndi mandasi. Zikomo amayi a komiti, zikomo a dalaivala, komanso achimwene aja amene saiwala bokosi la masipanala ngakhale popita ku ukwati. A kalipentala, nkhuku imene munadya ija siikulowa m'malo mwa ngongole yanu kwa a pampando. Mbale yawo ikudikira pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo amene muli ndi zithunzi mubwere nazo.