Lichero langa lafika pa mkombero

Kwa amene mwakhala mukufunsa za lichero lija: kuluka ndamaliza, ndipo Loweruka lapitali tinalilowetsa mu mkombero. Latsala kusokerera. Silinafike poti ndingabwereke munthu kuti akapetere mpunga wa alendo, komabe ukaliika pansi likukhazikika, silikupendekeka.

Amene mwangotipeza kumene, Loweruka lililonse m'mawa ndimakwera minibasi ku depoti ya ku Lilongwe, kudutsa Chinsapo, n'kukatsikira cha ku Likuni, kumene bambo ena achikulire amaphunzitsa kagulu kathu kuluka ndi nsungwi. Osema ziboliboli ali ndi kwawo ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Ife sukulu yathu ndi pansi pa mtengo wa mango, mipando yake njerwa. Timasonkha kangachepe pamwezi, kogulira nsungwi ndi ka sopo wa aphunzitsi. Bolodi kulibe, kope kulibe. Umakhala pafupi, kuonerera manja awo, kenako amakupatsa mpeni.

Mpeniwo ndi umene ndikufuna kukambapo kwambiri lero. Ndinkapita kumeneko mtima uli pa kuluka, koma masabata oyambirira onse anathera pa kung'amba ndi kupala nsungwi. Anzathu ena anatopera pomwepo, sanabwerenso. Panopa ndikuona kuti amene anachoka aja anachoka phunziro lenileni lili m'kati, chifukwa ubwino wa lichero umakhala utadziwika kale munthu asanayambe n'komwe kuluka.

Nsungwi amaidula m'zidutswa zotalika kuposa kukula kwa lichero limene ukufuna. Mfundo zake amazisadza ndi chikwanje kuti zisalale. Kenako umaing'amba pakati, theka lililonse pakatinso, choncho mpaka utapeza timizere topyapyala. Chinsinsi chake n'choti nthawi zonse uzing'amba pakati penipeni. Ukati uchotse kamzere kamodzi m'mbali mwa chidutswa chachikulu, mng'alu umathawira ku mbali yopyapyala ndipo kamzereko kamathera panjira. Mng'alu ukayamba kupatuka, sulimbana ndi mpeni, umapindira pang'ono mbali yokhuthalayo ndipo umabwerera wokha pakati. Aphunzitsi amachita zimenezi akucheza, maso ali kumsewu. Ine ndimachita nditaluma mlomo, koma tsopano timizere tambiri tikufika kumapeto tosaduka, zimene mwezi watha zinali zosowa.

Ukang'amba, upale. Pantchafu umayala chigamba cha chubu chakutha kapena chiguduli, mpeni umaugwira chilili osausuntha, ndipo chimene chimayenda ndi kamzereko, ukukakoka pansi pa mpeni. Mbali yakunja ya nsungwi, yosalala ija, ndiyo yolimba. Yam'kati yoyera ndi yofewa, ndiyo imapalidwa n'kutayidwa. Timizere tonse tiyenera kufanana m'lifupi ndi kukhuthala komwe. Kamodzi kokha kakanenepa, mzere wonse umene kadutsamo umasiya mipata, ndipo mipatayo ndi imene idzadonthetse misere pansi. Aphunzitsi sayeza ndi chilichonse. Amakokera kamzere pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kukubwezera osanena kanthu, iwe udziwe wekha kuti kabwereranso ku mpeni. M'mbali mwa nsungwi yong'amba kumene ndi mwakuthwa zedi, moti zala zanga zili ndi timabala tambirimbiri. Kuofesi anzanga afunsa mpaka atopa.

Za kusankha nsungwi ndaphunziranso zambiri, ngakhale kuti kukadula sitinapiteko. Zathu zimabwera pa njinga kuchokera kumidzi ya cha ku Malingunde. Ndi nsungwi zachikuda zija, zoonda, zimene m'kati mwake mulibe mphako yaikulu. Zachikasu za mizere yobiriwira zimene anthu amadzala m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43 aphunzitsi sazifuna, amati n'zokongoletsera pakhomo ndipo sizichedwa kufumbwa. Nsungwi yabwino ndi yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposerapo. Yanthete imang'ambika mosavuta, wophunzira n'kumaikonda, koma ikauma imanyala, lichero n'kukhwepa. Kufumbwa kumabwera chifukwa cha chakudya chimene nsungwi imasunga m'thupi mwake, ndicho tizilombo timatsata. N'chifukwa chake amadula mvula itatha, cha mu Meyi mpaka Julayi, ndipo ena amaziviika mumtsinje masabata angapo kuti madzi atsuke chakudyacho. Lichero lopachikidwa m'khitchini ya nkhuni limakhalitsanso, utsi umaliteteza. Aphunzitsi amaonjezera kuti nsungwi izidulidwa mwezi uli mumdima. Pamenepo ndimangomvera, sinditsutsana ndi munthu amene anayamba kuluka ine ndisanabadwe.

Kuluka kwenikweni sikunandivute monga ndinkaopera. Umayala timizere pansi mondondozana, kutiponda ndi phazi kuti tisabalalike, n'kuyamba kupingasa tina. Kamzere kamadumpha titatu, kulowa pansi pa titatu, choncho mpaka kumapeto. Kotsatira kamachita chimodzimodzi koma kamayamba katasuntha ndi kamodzi, ndipo kusunthako ndi kumene kumabala mizere yopendekeka ija timaiona pa lichero. Umayambira pakati kupita kunja, mbali zonse zinayi. Ukalowetsa kamzere, umakagogoda ndi msana wa mpeni kuti kathinane ndi kanzake. Ukasokoneza kuwerenga, cholakwacho sichioneka pomwepo, chimadzaonekera patsogolo mizere itapindika, ndiye kumasula kwake kumawawa mtima. Kutentha kwa Okutobala uno nakonso sikukutithandiza. Timizere tikuuma msanga n'kumathyoka, choncho pambali pamakhala beseni la madzi, kuwaza pafupipafupi.

Ena m'kagulu kathu ayamba kale maluwa, kusakaniza timizere toderapo ndi toyera kuti patuluke madayamondi. Ine ayi kaye. Maluwa pa lichero lodontha ndi ntchito yanji?

Tsono mkombero. Chimene umaluka chija chimatuluka chafulati, cha ngodya zinayi, ngati kamphasa. Kuti chisanduke lichero pamafunika mikombero iwiri ya nsungwi yokhuthala, wina wakunja wina wam'kati, yopindidwa mozungulira n'kumangidwa. Kupinda kokhako ndi phunziro palokha. Nsungwi imafuna kuikhotetsa pang'onopang'ono pabondo, kuyenda nayo chidutswa chonse, ndipo nsonga ziwiri zokumanazo umazipala kuti zikagonerana pasakhale chotupa. Kamphasa kaja timakaviika mpaka kafewe, kukaika pamwamba pa mkombero wakunja, kenako kukakankhira pansi ndi chidendene mozungulira. Apa ndi pamene kuya kwa lichero kumabadwa. Likaya kwambiri lasanduka chotengera, chimanga sichidumpha bwino. Likakhala losaya, chimanga chimathawira pansi pamodzi ndi gaga. Mkombero wam'kati umalowa mothina kuti upanikize, ngodya zotsalira kunja zija n'kuzidula ndi mpeni.

Pokankha paja ndinkachita mwaulemu, kuopa kuswa ntchito ya masabata ambiri. Aphunzitsi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, pondani ndithu, si mazira amenewo." Nditaponda zenizeni linalowa, koma mbali imodzi yaya pang'ono kuposa inzake. Akuti tidzalinyowetsanso n'kulikonza tisanasoke.

Zosokera zilipo za mitundu iwiri, ndipo pagulu pathu pali mtsutso. Kale ankasoka ndi chilambe, chomera choyanga chija, ndipo aphunzitsi amachikondabe, kungoti m'tauni muno n'chovuta kuchipeza. Ambiri masiku ano amasoka ndi linya kapena ulusi wa masaka. Linya ndi lolimba, silifumbwa, silitha msanga. Anzanga ena akuti lichero la linya si lachikhalidwe. Ine maganizo anga ndi oti mayi amene akupeta mphale madzulo safunsa zimenezo, amafuna mkombero usamasuke. Langali ndisoka ndi linya, ndipo chilambe chikapezeka ndidzayesera pa lina kuti dzanja lidziwe zonse ziwiri. Choboolera ndi msomali wosongola wokhomedwa pa kamtengo.

Pali nkhani ina imene inandisekeresa. Kwathu kuno kuluka madengu ndi malichero, ngakhalenso kusoka mphasa, ndi ntchito ya abambo, amayi yawo ndi kuumba mbiya ndi miphika. Amayi oyandikana nawo nyumba ankabwera kudzaonerera ife akazi titakhala pansi ndi mipeni, ena n'kumaseka chobisa. Koma woweruza ntchito yonse pakhomopo ndi mayi a kunyumba kwa aphunzitsi. Lichero lililonse likatha limapita kwa iwo. Amathiramo mphale, kupeta kangapo, kuligwedeza cham'mbali, kenako kuyang'ana pansi ngati pagwa kanthu. La mnzathu wina, lokongola bwino ndi maluwa ake, analibweza. Anati m'kati mwake muli timinga tokola gaga ndipo mkombero ukuluma m'manja. Bambo aja sanatsutse, anangotenga mpeni n'kumupatsa mwini wake. Amene analibwezedwayo anadzitonthoza kuti lake likagwira ntchito pa perekaniperekani, poti ndalama za pepala sizidontha.

Ine ndakhala ndikupeta kuyambira ndili mtsikana, ndipo zimenezi zikundithandiza kuposa mmene ndinkaganizira. Ndikagwira mkombero ndimadziwa pamene chala chachikulu chidzakhale, ndiye pamenepo ndimapala mosamala. Abambo a m'gulu mwathu amaluka mwachangu kundiposa, koma mmodzi yekha ndi amene amatha kupeta.

Chinthu china chimene chasintha ndi mmene ndimaonera mitengo. Ndikadutsa pamsika kapena m'mbali mwa msewu wa ku Salima pamene amayala madengu, mikeka ndi malichero, ndimatembenuza lichero n'kuona kumsana kwake, ngati timizere tikufanana, ngati msoko wa mkombero uli wothithikana. Ndikawerengera kudula nsungwi, kuinyamula pa njinga, kung'amba, kupala, kuluka ndi kusoka, mtengo umene amatchula ndi wochepa kale. Kunenerera lichero ndinasiya. Tomato ndimanenererabe.

Mabeseni apulasitiki alanda ntchito zambiri za dengu, izi n'zoona, ndipo aphunzitsi amanena okha kuti madengu sakuyenda malonda ngati kale. Lichero lokha lakanika kulandidwa malo, chifukwa beseni ndi loterera, siligwira gaga, ndiponso silipindika m'manja. Lichero limafewa pang'ono ukamaponya chimanga m'mwamba, ndipo mizere yake imachedwetsa zopepuka pamene zolemera zikubwerera kwa wopeta. Nyumba ya m'tauni imene imagula ufa wogayitsa kale imafunabe lichero la mpunga, nyemba ndi mtedza.

Loweruka likubwerali ndi losokerera. Pakadali pano ndapatsidwa ntchito ya kunyumba, mtolo wa nsungwi zoti nding'ambe ndi kupala madzulo ndikaweruka, chifukwa likatha ili tiyamba nsengwa, ndipo timizere take ndi tating'ono kuposa ta lichero. Mpeni wanga wa kukhitchini aukana, akuti ndi wopyapyala, umagwedera mu mng'alu. Ndiye mawa ndidzera ku msika waukulu kukafuna wa msana wokhuthala ndi mwala wonolera. Ngati alipo wodziwa kumene chilambe chikupezeka kufupi ndi tauni, cha ku Mitundu kapena ku Nathenje, andiuze mvula isanayambe.