Mabwato a dongo m'beseni lochapira

Inayambitsa zonse ndi Ilala. Ana awiri a mlongo wanga anaiona itakocheza ku Nkhata Bay pa holide, ndipo wamng'onoyo anabwera nalo funso mpaka kwathu: msomali umamira, nanga chisitima chachitsulo chonse chija chimayandama bwanji? Nditamuuza kuti chakhala chikuyenda panyanja kuyambira 1951, ndiye anachita kugwira pakamwa.

Yankho ndinali nalo, lija la Archimedes, katswiri wakalekale wa sayansi: chinthu chimayandama ngati madzi amene chawakankhira pambali akulemera mofanana nacho. Koma mwana wa Sitandade 4 ukamuuza zimenezi amangogwedeza mutu mwaulemu. Ndinawatuma kudambo kukatapa dongo.

Ulendo woyamba unali mpikisano basi. Wamkulu anaumba bwato lalitali ngati la asodzi, dongo lake lambirimbiri. Mng'ono wake anaumba kambale kophwatalala. Onse anapakira miyala mpaka mabwato kumira, wina ikuluikulu, wina timiyala tamumsewu. Wamng'ono anawerenga yambiri, n'kuyamba kuvina. Ndinamufunsa kuti tadziwa bwanji kuti chapambana ndi kaumbidwe, osati kuchepa kwa dongo kapena kupepuka kwa timiyala take. Anandiyang'ana ngati ndikufuna kumulanda nsima.

Apa m'pamene panagona ntchito. Ana kuyesa zinthu amakonda, koma kuwauza kuti asinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale momwe zilili, amaona ngati chilango. Tinapangana malamulo. Dongo tiziyeza ndi bokosi la machesi, lodzaza bwino, aliyense limodzi. Katundu akhale zitsekerero za mabotolo a Fanta chifukwa n'zofanana, ndipo ziziikidwa pang'onopang'ono, osaponya. Beseni lomwelo, madzi omwewo. Chosintha ndi kaumbidwe kokha, ndipo kaumbidwe kalikonse kayesedwe katatu, zotsatira zilembedwe m'kope.

Dongo lobulungiza ngati mpira linangoti tibu, mpaka pansi. Dongo lomwelo titalipapatiza n'kulikwezera milomo linayandama, n'kusenzanso katundu. Pamenepo za Ilala sindinafotokozenso.

Tsono pa ulendo wachitatu bwato lalitali lija linamira litangolandira zitsekerero zinayi, ine n'kulengeza kuti nkhani yatha. Wamkulu anakana. "Amalume, apa mwabera. Langa lakhalitsa m'madzi nthawi imene mumayankha foni ija, onani lafewa." Ankanena zoona. Dongo losawotcha limasungunuka, ndipo za nthawi sitinapanganepo. Manyazi anandigwira pang'ono, komabe tsiku lonselo palibe chinandikoma kuposa kugwidwa kumeneko. Tinafufuta mzere wonse m'kope, tinaumbanso, ndipo lamulo latsopano linati bwato likangokhudza madzi, kupakira kuyambe pomwepo.

Madzulo wamng'ono anafunsa ngati madzi amchere angasinthe kanthu. Angasinthedi, chifukwa amalemera kuposa a pampopi, koma sindinamuuze. Anathamangira kukhitchini, mayi ake n'kumubweza pakhomo kuti mchere wa ndiwo sauseweretsa. Loweruka likubwerali ndikagula paketi yathuyathu.