Chigoba chopanda kanthu chili ndi mwini wake

Ndinayamba kutola zigoba za nkhono ndili mwana, masiku amene tinkapita kukacheza kwa azakhali anga ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti padziko pano pali anthu achikulire, ena mwa iwo ophunzira kwambiri, amene amathera moyo wawo wonse akuchita zomwezo. Ndinkangoyenda m'mbali mwa madzi m'mamawa, asodzi akukocheza mabwato awo, n'kumaponya m'chitini chilichonse chimene mafunde asiya pamchenga. Azakhali sankakondwera nazo, popeza kwa iwo nkhono ya m'madzi ndi likodzo zinali chinthu chimodzi. Sanalakwe kwenikweni, chifukwa tizilombo toyambitsa likodzo la m'chikhodzodzo timakuliradi mu nkhono zing'onozing'ono zimene asayansi amazitcha Bulinus, ngakhale kuti zigoba zikuluzikulu zimene zinkandikopa ine zinali za mtundu wina wotchedwa Lanistes.

Zigoba za kunyanja ya mchere ndinadzazigwira koyamba nditakula, pa ulendo wa ku Nacala m'dziko la Mozambique. Nditabwerera kunyumba ndinaziyala patebulo pamodzi ndi za ku Salima zija, ndipo mpamene ndinaona chinthu chimene chinandidutsa zaka zonse za ubwana wanga. Munthu akaimika chigoba nsonga yake italoza kumwamba, khomo lake likuyang'ana kwa iye, pafupifupi zigoba zonse za kunyanja ya mchere khomo limakhala kudzanja lamanja, koma za Lanistes limakhala kumanzere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinafunika zaka zoposa makumi awiri kuti ndione ngakhale khomo la nyumba yake. Kuyambira tsiku limenelo chigoba chilichonse ndimachisunga ndi kapepala kolembapo malo ndi tsiku limene ndinachitola, monga amachitira otola zigoba odziwa ntchito yawo, amene amati chigoba chopanda kapepala chimangokhala chokongoletsa m'nyumba basi.

Chilakolako chimenechi n'chakale kuposa mmene ambiri timaganizira. M'phanga la Blombos, kugombe la kummwera kwa South Africa, ofukula zakale anapeza tizigoba toboola 41 timene anthu ankavala ngati mikanda zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Kuno kwathu, kutali ndi nyanja ya mchere, chigoba chinali chizindikiro cha ulemerero. Kumbali yotakata ya chigoba cha nkhono yotchedwa Conus ankadulako kachidutswa koyera kozungulira, kamene anthu ambiri ku Zambia amati mpande ndipo Ashona amati ndoro, ndipo kankavalidwa ndi mafumu ndi anthu olemekezeka. M'chaka cha 1854 mfumu Shinte ya Alunda inamuveka David Livingstone chigoba chotere m'khosi posonyeza ubwenzi, ndipo Livingstone analemba kuti anthu amene ankayenda naye anamuuza kuti zigoba ziwiri zinkagula kapolo, pomwe zisanu zinali mtengo wabwino wa mnyanga wa njovu. Ndimati ndikaganizira zimenezi ndimakhala chete pang'ono, poona kuti chinthu chimene mwana wa m'mbali mwa nyanja ya mchere akanachiponda osachitola n'komwe chinkalinganizidwa ndi moyo wa munthu chikangoyenda mtunda wautali kulowa kumtunda.

Ku Ulaya nako mtengo wa chigoba unkatengera kusowa kwake. Kwa zaka pafupifupi mazana awiri anthu achuma ankalimbirana chigoba cha Conus gloriamaris, chimene chinkadziwika ngati chosowa kuposa zonse, mpaka mu 1969 pamene osambira pansi pa nyanja anapeza kumene nkhonozo zimakhala mochuluka kuzilumba za Solomon, mtengo wake n'kugwa. Ngakhale kampani ya mafuta ya Shell dzina lake linachokera ku malonda a zigoba amene Marcus Samuel ankachita mumzinda wa London, ndipo sitima yoyamba yonyamula mafuta imene ana ake anakhala nayo mu 1892 anaitcha Murex, lomwe ndi dzina la nkhono.

Olemba nkhani zopeka anachizindikira kalekale chikoka chimenechi, ndipo pali nkhani ziwiri zimene ndimazibwereza chifukwa zimachiona chigoba mosiyana kwambiri. Yoyamba ndi buku la William Golding la mu 1954, Lord of the Flies, lonena za anyamata a sukulu amene anatsala okha pachilumba ndege yawo itagwa. Ralph ndi Piggy atapeza chigoba chachikulu m'madzi, anachiimba ngati lipenga poitana anzawo, ndipo anagwirizana kuti pamsonkhano azilankhula yekhayo amene wachigwira m'manja. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kumudzi sangavutike kumvetsa lamulo limeneli, ndipo ine limandikumbutsa mpande ya Shinte, popeza m'zonse ziwiri mphamvu sili m'chigoba koma m'mgwirizano wa anthu wochilemekeza. Anyamata aja atasiya kumverana, chigobacho chinatha ntchito chisanasweke, ndipo pamene mwala umene Roger anagubuduza unapha Piggy n'kuchiphwanya, unangotsiriza chimene chinali chitafa kale. Ndi nkhani yolembedwa mwaluso, komabe monga wotola zigoba ndimaona kuti chigoba cha Golding ndi chiwiya chabe, chifukwa bukulo silitaya nthawi ndi chamoyo chimene chinachimanga.

Yachiwiri ndi nkhani yaifupi ya Anthony Doerr, The Shell Collector, imene ili m'buku la dzina lomwelo la mu 2002. Imanena za katswiri wa nkhono wosaona amene amakhala yekha ndi galu wake kugombe la kufupi ndi Lamu ku Kenya, ndipo amazindikira mtundu wa chigoba pochisisita ndi zala. Mayi wina wodwala malungo atalumidwa ndi nkhono ya Conus n'kuchira modabwitsa, mbiri inawanda, odwala anayamba kukhamukira kunyumba ya mkuluyo kufuna kulumidwa nawonso, iye akuwachenjeza kuti ululuwo ndi wakupha, mpaka mwana wake wamwamuna weniweni anafa nawo. Nkhani imeneyi ndimaikonda koposa, chifukwa mlembiyo sanaiwale kuti m'chigoba muli mwini wake, ndipo mwini wakeyo sasamala za zimene anthu akufuna kuti iye akhale. Kuchira kwa malungo kuja n'kopeka, koma ululu wa nkhonozi ndi weniweni. Zimabaya ndi kadzino konga mkondo, mtundu wa Conus geographus waphapo anthu, ndipo kuchokera ku ululu wa Conus magus kunapangidwa mankhwala oletsa kupweteka koopsa otchedwa ziconotide, amene anavomerezedwa ku America mu 2004. Mpande ya mafumu ija inkachokera ku banja lomweli la nkhono.

Chimene chimandipangitsa kuima kumbali ya Doerr ndi cholakwa chimene ndinachita ndekha pa ulendo wa ku Nacala uja. Madzulo a tsiku lomaliza ndinatola chigoba chokongola chamawangamawanga, ndinasuzumira pakhomo pake osaona kanthu, ndipo ndinachikulunga m'sokosi n'kuchiika pansi pa chikwama. Patapita masiku atatu, nditafika kunyumba, chikwama chonse chinali kununkha, ndipo nditagwedeza chigobacho munatuluka kankhanu kakufa. Kanali ka mtundu uja wa nkhanu zimene zili ndi mimba yofewa ndipo sizidzimangira nyumba, koma zimalowa m'zigoba zimene nkhono zakufa zasiya, n'kumasamukira m'chachikulupo zikamakula. Kanadzikokera m'kati mwenimweni nditakanyamula, monga kamachitira kakaona mdani, ndipo njira imene inkakapulumutsa kwa mbalame ndi imene inakaphetsa m'manja mwanga. Chigobacho ndinachitsuka kangapo, koma mpaka lero ndikachiyandikiza kumphuno ndimakhala ngati ndikumva fungo lija.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti zomwezi zimachitika m'nyanja yathu ya Malawi. Pansi pa madzi, pamalo a mchenga pamene palibe miyala yobisalamo, pali kansomba ka m'gulu la mbuna kamene kamathawira m'zigoba za Lanistes, ndipo asayansi anakapatsa dzina lakuti lanisticola, kutanthauza wokhala mu Lanistes. Zigoba zimene ndinkadzaza m'chitini ndili mwana zinali za mtundu womwewo umene kansombako kamadalira, ngakhale ndimadzitonthoza kuti zanga zinali zitaponyedwa kale kumtunda. Chigoba chikasweka chimabwezeranso njereza yake m'madzi ndi mumchenga, momwe nkhono zina zimatengamo zomangira zigoba zawo.

Maiko ena anafika poika malamulo pa nkhaniyi. Pachilumba cha Sanibel ku Florida m'dziko la America, kumene alendo ambiri amapitira zigoba, kutola chigoba chimene muli chamoyo kunaletsedwa kuyambira mu 1995, ndipo malonda a pakati pa maiko a nkhono zina, monga chinkhono chachikulu cha kunyanja ya Caribbean chimene chinaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza zamoyo kuti zisathe chifukwa cha malonda, mu 1992, amafuna chilolezo. Ine ndinadziikira anga malamulo, amene ndi osavuta. Sindigula zigoba zonyezimira zimene amagulitsa m'misika ya alendo, chifukwa chigoba chosalala chopanda chipsera kawirikawiri chimakhala kuti chinachotsedwa m'madzi mwini wake ali moyo. Chimene ndatola ndimachiika pamchenga wonyowa n'kukhala pansi kuchiyang'anira kwa kanthawi ndithu. Ulendo wotsiriza umene ndinapita kugombe ndinayala zigoba zisanu ndi chimodzi motero, ndipo ndisanamalize kulemba tsiku pa kapepala koyamba, zinayi zinali zitatulutsa timiyendo n'kuyamba ulendo wobwerera kumadzi.