Makala a mango

Lachiwiri usiku. Magetsi azimanso, ndikulemba pa foni ndipo batire yatsala pang'ono. Tulo tasowa chifukwa cha mawu a bambo ogulitsa makala aja.

Anafika dzuwa litakwera kale, akukankha njinga, matumba atatu atasanjikizana kumbuyo. Chino ndi chaka chachiwiri ndikugula kwa iwo koma dzina lawo sindinafunsepo. Ine ndimangoti achimwene, iwo amati amayi. Lero ndinawadikira ndi mkwiyo, chifukwa thumba la ulendo watha silinathe n'komwe masabata atatu. Makala ake ongothetheka, oyaka ngati mapesi, nyemba zisanafewe mbaula yadzaza kale phulusa.

"Achimwene, munandigulitsa chiyani ulendo uja? Ine ndimafuna a tsanya, olemera aja, oti ukawagogoda amalira ngati chitsulo."

Anayedzeka njinga pampanda, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Amayi, tsanya mumuona kuti masiku ano? Kwathu kupitirira Chileka uko adatha kalekale. Wotsala ali kutsidya kwa Shire, mbali ya ku Neno, ndipo nakonso akupita. Awa ndi osakaniza. Muli msuku, muli mango."

Mango? Ndinafunsa kawiri. Anati eya. Munthu chimanga chikamuthera, kapena mwana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, amaitana ootcha makala n'kuwagulitsa mtengo wa pakhomo. Mtengo woti anadzala agogo ake, umene ana amathawirapo njala mu Disembala. Amaudula zidutswa, kusanja, kufundika udzu ndi dothi, uvuni n'kumafuka masiku angapo. Akafukula, mtengo wonse uja wasanduka timatumba towerengeka.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinayamba kulalikira. Zonse zimene ndimamva pa wailesi ndinawakhuthulira: mukutha mitengo, nthaka ikukokoloka, mitsinje ikuuma, lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 ndipo kuotcha makala popanda chiphaso ndi mlandu woti munthu n'kukagona nawo kundende. Ndinatchulanso namondwe wa Freddy. Chonsechi ndalama zogulira thumba zili m'manja mwanga, nditazipinda bwinobwino.

Anandisiya mpaka ndinamaliza, osandidula pakamwa. Kenako anayankha mofatsa, ngati akuuza mwana.

"Amayi, kwanga makala sitiphikira. Mayi a kunyumba amasonkhera zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Nkhalango yonse ija inathera m'mbaula za kuno kutauni. Inu musiye kugula lero, ine mawa lomwe sindiotchanso. Mukuganiza kuti kudzuka pakati pa usiku n'kumakankha njinga pachitunda ndimakukonda?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Mnzanga woyandikana naye nyumba anali akuyanika zovala, ndipo ndinaona mapewa ake akugwedezeka ndi phwete.

Chikundiwawa n'chakuti za Freddy sindinatchule mwachibwana. Mchemwali wanga amakhala ku Chilobwe nthawi imeneyo, mu Malichi 2023, pamene phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala usiku. Iye ndi ana anapulumuka, koma oyandikana nawo ena sanapezeke mpaka lero. Tsiku lonse lija foni yake sinkagwira, ine ndikungozungulira m'nyumba muno. Pambuyo pake aliyense ankanena kuti phiri analimeta, nyumba zinakwera mpaka pamene panayenera kukhala mitengo. Ndinalumbira kuti makala basi. Lumbiro langa linatha mwezi umodzi, mwina sunakwane.

Ndiye ndiphikire chiyani? Mbaula ya magetsi ilipo, koma magetsiwo ndi awa ndikulembera mumdimamu, ndipo akayaka mayunitsi amatha ngati akumwa ndi munthu. Za gasi ndakhala ndikunena chaka chonse. Silinda ndi mbaula yake zimafuna ndalama ya nthawi imodzi, pamene makala ukhoza kugula ngakhale kajumbo ka tsiku limodzi. Apongozi anganso anakaniratu, akuti m'nyumba mogona zidzukulu zawo simulowa bomba. Zifukwa ndili nazo zambiri, zonse zoona, koma ndikamazinena usiku uno zikumveka ngati za bambo aja, kungoti zanga zavala nsapato.

Madzulo ndinakhala pakhonde kuyang'ana Michiru. Kuno ku Chilomoni phirili lili pamphuno pathu. Tili ku pulayimale anatitengera kumeneko, tinaona anyani ndi apusi, ndipo wotiperekeza anationetsa mapazi a fisi, ife kukuwa konse. Lero m'mbali mwake muli zipsera zofiira, ndipo masiku ena m'mawa umaona kautsi kakukwera mwakachetechete pakati pa mitengo yotsalayo. Mayi anga amati phiri la Ndirande nalonso linali lakuda bii ndi mitengo mpaka zaka za m'ma 1990. Ine ndinalidziwa lili kale mbee, moti nkhani yawoyo ndinkaimva ngati nthano. Mwana wanga adzamva chimodzimodzi ndikamadzamuuza za apusi a ku Michiru?

Ndakumbukiranso zina zondichititsa manyazi. Mu Januwale kuntchito tinapita kukadzala mitengo, poti nyengo yodzala imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Anatipatsa malaya olembedwa, tinajambulitsa aliyense atagwira kambande kake, zithunzi n'kupita pa Facebook. Palibe anabwererako kukapalira, ine ndemwe. Mwina mbuzi zinadya sabata yomweyo. Malaya aja ndinawavala lero pokangana ndi achimwene, ndazindikira povula.

Thumba ndinagula. Ndinawanenereranso mpaka anandichotsera pang'ono, poti makala ake ndi opepuka. Pochoka anati, "Tionana mwezi wa mawa, amayi," osati mofunsa ayi.

Posonkha moto wa nsima ndinapezeka ndikununkhiza utsi, kaya ndimafuna kumva fungo la mango kaya chiyani. Sunanunkhe kanthu. Mwana anafunsa kuti amayi mukutani, ndinati ndikuona ngati agwira. Nyemba za mawa ndaviika kale kuti zisadye makala ambiri, ndipo dzina lawo ndaiwalanso kufunsa.