Momwe Tinabweretsera Thupi la Mng'ono Wanga Kuchokera ku Johannesburg

Uthenga unandipeza Lachinayi pa 31 Ogasiti 2023, dzuwa litakwera, ndili kuntchito pa Chitakale. Anaimba foni anali mnyamata wa m'mudzi mwathu momwemo amene ankakhala ndi mng'ono wanga ku Johannesburg, ndipo anandiuza kuti nyumba yosanja imene ankagonamo yapsa usiku, iye wapulumuka podumphira pawindo, koma mnzakeyo sakuoneka ndipo foni yake sikupezeka. Nyumbayo inkatchedwa Usindiso, pa nambala 80 mumsewu wa Albert ku Marshalltown, yosanjikizana kasanu, ndipo moto unabuka itangopitirira 1 koloko usiku, anthu ali m'tulo. Ndalemba zimene tinadutsamo chifukwa kuno ku Mulanje n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana ku Joni, koma tsokali litatigwera panalibe wotiuza poyambira.

Sindinapite kwa amayi. Ndinayamba ndakaona amalume, popeza iwo ndiwo mwinimbumba, ndipo nkhani yotere siyenera kufika kwa mayi kudzera pakamwa pa mwana. Amalume atamva anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, munthu wosowa salilidwa. Pita ukamuone kaye ndi maso ako." Tinagwirizana kuti kwa a nyakwawa tikangonena kuti mwana wasowa pamoto, tisalengeze maliro, ndiponso kuti pakhomo pasasonkhedwe moto wa siwa. Amayi anamva okha pawailesi madzulo a tsiku lomwelo, ndipo sanafunse kanthu. Anangolowa m'nyumba, nyumba yomwe mng'ono wangayo anaimangitsanso ndi ndalama zotumiza pa Mukuru itagwa ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho.

Ine ndinasankhidwa kupita chifukwa ndinali ndekha m'banjamo wokhala ndi pasipoti yosatha ntchito. Ndalama yoyendera inachokera kwa abale, kumpingo, ndi kugulu la pa WhatsApp la anthu a ku Mulanje okhala ku Johannesburg, limene linakhala msana wathu mpaka pamapeto. Mkulu wina wa m'gululo anandilangiza zoti ndinyamule, ndipo langizo lakelo linandipulumutsa kwambiri: kope ya chiphaso cha unzika cha wosowayo, kope ya pasipoti yake yakale, chiphaso changa, kalata ya a nyakwawa yotsimikiza kuti ndife a mimba imodzi, ndi zithunzi zake, makamaka zimene akumwetulira mano akuoneka. Za manozo sindinazimvetse pa nthawiyo. Zonsezi ndinaziika m'chikwama cha pulasitiki chosalowa madzi, ndipo ndinkagona nacho kumutu.

Basi ndinakwerera pa Wenela mu Blantyre, malo amene dzina lake linachokera ku bungwe lomwe linkatenga agogo athu kupita nawo kumigodi ya dziko lomwelo. Tinadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, n'kufika pa Park Station mu Johannesburg patatha pafupifupi masiku awiri.

Mnyamata wa kwathu uja anandilandira akutsimphina, atavala jekete lopatsidwa, ndipo anayamba wanditengera kunyumbayo. Apolisi anali atatchinga msewu, koma chapatali ndinaona mabulangete ndi nsalu zofunda zomangidwa mfundo zikulendewera m'mawindo, zimene anthu ankatsikira pothawa. Anandifotokozera kuti mkatimo zipinda zinali zogawidwagawidwa ndi matabwa ndi makatoni, kuti anthu ankaunikira makandulo ndi kuphikira mbaula za palafini, ndipo kuti pansi panali geti lachitsulo lokhoma limene anthu ambiri anafera pomwepo atapanikizana mu utsi. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, koma anthu ena anailanda n'kumatolera lendi. Kale, m'nthawi ya tsankho, inali ofesi yoperekera mapasi kwa anthu akuda, ndipo pambuyo pake inakhala malo osungirako amayi ndi ana ozunzidwa. Zambiri mwa zimene mnyamatayo anandiuza zinadzatsimikizidwa ndi komishoni imene nduna yaikulu ya chigawo cha Gauteng, a Panyaza Lesufi, anakhazikitsa pansi pa woweruza wopuma a Sisi Khampepe. Lipoti lake loyamba linatuluka mu Meyi 2024, ndipo linati anthu 76 anafa ndiponso kuti khonsolo ya mzindawo inali ndi mlandu chifukwa inkadziwa za kuopsa kwa nyumbayo koma sinachitepo kanthu.

Kusaka munthu kuli ndi dongosolo lake, ndipo ndi bwino kulitsata ngakhale mtima ukuthamanga. Tinayamba ndi zipatala zimene ovulala anatumizidwako, tikufunsa dzina lenileni komanso dzina limene anzake ankamuitanira, poti munthu wokomoka amalembedwa ndi dzina lililonse limene womubweretsa watchula. Kenako tinayendera maholo amene opulumuka anasungidwako. Titalephera konseku, tinapita kunyumba yachisoni ya boma ku Diepkloof mu Soweto, kumene mitembo yonse ya pamotowo inatengeredwa. Kumeneko ndinamvetsa chifukwa chake panafunika munthu wochokera kumudzi. Amalawi ambiri a ku Joni, ngakhale anali ndi abale mkatimo, ankaopa kufika pamaso pa apolisi chifukwa masiku awo okhalira m'dzikomo anali atatha kalekale, choncho ankangoima kunja kwa mpanda n'kumatuma ena.

Matupi ochepa okha ndi amene ankazindikirika nkhope. Ochuluka anali atapsa kotheratu ndipo ankadziwika ndi manambala. Anandionetsa zithunzi za ozindikirikawo pakompyuta, chimodzichimodzi, ndipo mng'ono wanga panalibe. Pamenepo wapolisi wina wamayi anandikhazika pampando n'kufotokoza kuti njira yotsala ndi ya DNA. Ine ndinkaganiza kuti anditenga magazi, koma anangotulutsa kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, n'kukazunguliza mkati mwa tsaya langa kangapo, n'kukatsekera mu envulopu yolembedwa dzina langa ndi nambala ya mlandu. Ntchito yonseyo sinathe ngakhale mphindi ziwiri, pamene ine ndinali nditayendera kamtengoko mayiko anayi. Anandiuza kuti kuyerekeza kwa mayi ndi mwana n'kotsimikizika kuposa kwa abale awiri, chifukwa mwana amatenga theka lenileni kwa kholo lililonse pomwe abale amatha kusiyana kwambiri, ndipo n'chifukwa chake anandifunsanso zizindikiro zina. Ndinatchula dzino lakutsogolo lobenthuka ndi mkono wamanzere umene unathyoka atagwa panjinga ya kabaza pa Nkando ali mnyamata. Chithunzi chomwetulira chija anachisunga. Nambala ya mlanduyo ndi nambala ya foni ya wapolisi wofufuza muzilembe pawiri kapena patatu, chifukwa popanda izo palibe amene angakuyankheni.

Chovuta koposa chinali kudikira. Tsiku lililonse kunja kwa mpanda kunkayendayenda amuna ovala bwino olankhula Chichewa chosalala, akulonjeza kuti akhoza kufulumizitsa zotsatira munthu akapereka kenakake. Mmodzi anandidyera ndalama yokwana chakudya cha sabata yathunthu ndipo sindinamuonenso. Ndikuvomereza kuti ndinapusa, koma munthu wachisoni amakhulupirira aliyense womutchula kuti achimwene. Kuyeza DNA sikunandilipiritse kalikonse, ndipo palibe dobadoba amene angafulumizitse makina a kulabotale. Panalinso nkhani ya masiku. Mmalawi amaloledwa kukhala mu South Africa masiku 30 popanda viza, ndipo wopyoletsa amaletsedwa kulowanso kwa kanthawi. Masiku anga atatsala atatu zotsatira zisanatuluke, ndinakwera basi kubwerera chimanjamanja. Ena anandinena kuti ndathawa, koma ndikanapyoletsa, banja lathu likanataya munthu yekhayo wokhoza kukasainira thupi.

Amayi anandilandira pakhonde, nandifunsa funso limodzi lokha: "Mwamusiya yekha?" Ndinayankha kuti ndasiya malovu anga kuti amufunefune, ndipo ndinaona kuti yankholo silinawafike pamtima.

Foni ya wapolisi wofufuza inabwera kumapeto kwa Okutobala, yonena kuti thupi limodzi lagwirizana nane ndipo mkono wothyoka uja waonekanso. Apa amalume anapita kwa a nyakwawa kukanena maliro, ine n'kunyamukanso. Panali zoti tisankhe, popeza mabanja ena amene ndinadziwana nawo pampanda paja anaika abale awo m'manda komweko chifukwa cha kuchepa kwa ndalama kapena chifukwa cha chipembedzo chofuna kuika msanga. Ife tinawerengera, tinaona kuti ngongoleyo tidzaibweza kwa nthawi yaitali, komabe amayi anati mwana wawo akagone pafupi ndi agogo ake.

Ulendo wachiwiriwu unali wa mapepala okhaokha, ndipo pepala lililonse limadalira linzake, moti simungalumphe. Choyamba ndinasaina kuti thupilo ndi la m'bale wanga. Dokotala wopima mitembo anadzaza fomu yodziwitsa za imfa yotchedwa DHA-1663, imene inapita ku Home Affairs, ofesi ya boma yolembetsa kubadwa ndi imfa, kuti chikalata cha imfa chituluke. Pamenepa tinapunthwa pa chilembo chimodzi, chifukwa dzina lathu la bambo linalembedwa ndi "l" pachiphaso cha unzika koma ndi "r" papasipoti, monga zimachitikira Amalawi ambiri poti m'kalankhulidwe kathu zilembo ziwirizi sitizisiyanitsa kwenikweni. Kuofesi sangaganizire zimenezo. Kwa iwo amenewo ndi anthu awiri. Ndinayenera kupita kupolisi kukalemba kalata yolumbira yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, n'kudindidwa chidindo, ndipo chilembo chimenecho chinatidyera masiku awiri. Amene muli ndi ana kunja, yerekezani zikalata zawo lero adakali moyo.

Zotsalazo zinayendetsedwa ndi kampani yoona za maliro imene gulu la pa WhatsApp linatisonyeza, yozolowera kunyamula maliro a ku Malawi. Musasankhe yotchipa chabe. Funsani ngati inadutsitsapo maliro pa Beitbridge ndi pa Mwanza, ndipo mulembetsane mtengo wonse pasadakhale. Iwo anatenga chikalata chosonyeza mmene thupi lakonzedwera, china chotsimikiza kuti malemuyo sanafe ndi matenda opatsirana, ndi chilolezo cha unduna wa zaumoyo chotulutsira thupi m'dzikomo. Ine ndinapita ku ofesi ya kazembe wa Malawi mu Johannesburg ndi zikalata zonsezi kukatenga kalata yotsimikiza kuti malemuyo ndi nzika ya Malawi ndipo akupita kukaikidwa kwawo. Pepala lililonse ndinalijambulitsa makope asanu, chifukwa pachipata chilichonse amafuna kusunga yawo. Mng'ono wanga anakhala ku Joni zaka zinayi akuzemba aliyense wofunsa pepala, koma pobwerera anali ndi zidindo zoposa zanga.

Chifukwa cha mmene thupi linalili, a kampaniyo analiika m'bokosi lokhala ndi chitsulo chomata mkati, ndipo anandichenjeza kuti lisadzatsegulidwe. Bokosilo linakwezedwa m'ngolo yotseka yokokedwa ndi minibasi, m'mene munali ine, mnyamata wa kwathu uja amene anati ku Joni sadzabwererako, ndi amayi awiri a mpingo amene anadzipereka kutiperekeza. Katundu wa malemu munalibe, zonse zinapsa. Pa Beitbridge tinakhala maola ambiri, koma popeza mapepala anali okwanira, palibe anatibweza. Ku Mozambique dalaivala ndiye ankalankhula, ife tikungotulutsa makope. Titawoloka Zambezi pa Tete ndinaimbira amalume kuti adzukulu akonzeke, ndipo pa Mwanza a zaumoyo atayang'ana zikalata ndi kuona kuti bokosi n'lomata, anatilola kulowa. Tinadutsa Limbe kunja kukuda, Thyolo ndi Luchenza usiku, ndipo minda ya tiyi ndinkangoimva fungo lake.

Galimoto itakhota kulowa m'mudzi, dalaivala analiza hutala katatu, ndipo kulira kunabuka m'nyumba zonse nthawi imodzi. M'mawa mwake, nthawi yoona nkhope itakwana, amalume anaimirira n'kufotokozera anthu kuti mwambowo sukhalapo, ndipo ine ndinaika chithunzi chomwetulira chija pamwamba pa bokosi. Panali manong'onong'o, ena akufunsa kuti tikudziwa bwanji kuti mkatimo muli mwana wathu, choncho a nyakwawa anandipempha kuti ndiwerenge kalata ya zotsatira za DNA pagulu ndi kuimasulira m'Chichewa, ndipo ndinatero. Amayi sanamvetsere kalatayo. Anagwada pambali pa bokosi, akusisita ndi chala mitu ya misomali kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, kenako anandikodola n'kundifunsa chapansipansi ngati mkono umene madokotala anaona unali wamanzere. Nditavomera, anauza adzukulu kuti anyamule.