Mimba ya pa sofa

Matenda a zisudzo anandipatsira ndi Gertrude Kamkwatira, uja wa Wakhumbata ya Du Chisiza Jr, amene pambuyo pake anayambitsa gulu lake la Wanna-Do. Mayi ameneyo akakwera pasiteji holo yonse inkangoti zii. Atamwalira mu 2006 ndinalira ngati wapita ndi mchemwali wanga, ndipo ndinalumbira kuti malo akewo ndidzalowapo ndine. Mpaka lero ndikuyesabe. Ndasewerapo mfiti kawiri, mayi wamasiye kosawerengeka, ndipo pa TV ndinaonekapo kamodzi ndikugulitsa tomato kumbuyo kwa eni sewero. Amene anayasamula nthawi imeneyo sanandione.

Ndiye chaka chatha mu July gulu lathu linandipatsa mbali yaikulu: mtsikana wantchito amene abwana ake amupatsa mimba. Timagulu ta kuno ku Mzuzu tilibe thumba la zovala, aliyense amadzionera yekha. Ine mimba ndinali nayo kale m'nyumba, khushoni yofiira yonenepa bwino, imene ndinabwereka osapempha pa sofa ya apongozi anga ku Ekwendeni nthawi ya Khirisimasi. Ndinaimanga ndi zitenje ziwiri ndi lamba wa amuna anga, pamwamba diresi lotaya. Kumangako kunanditengera theka la ola, koma inakhala ndithu, ya miyezi 8 yosakayikitsa.

Kutatsala mphindi 20 kuti tiyambe, m'holo ina ku Katoto, magetsi thii. Dairekita anati wina athamange akagule makandulo. Tinayang'anana. Mmodzi anali atavala za upolisi, wina atadzola makala nkhope yonse, wachitatu ali ndi bandeji wa magazi a tomato sosi kumutu. Wooneka ngati munthu ndinali ine.

Kunja kunali kamvula kowaza kaja ka Mzuzu, kolowa mpaka m'mafupa. Koma abale, ulemu umene mayi woyembekezera amalandira! Mnyamata wa sakaramento, njinga zonyamula anthu zija, anapukuta mpando ndi malaya ake, n'kumapalasa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Mayi wa pa okala anandiikira machesi aulere. Inenso ndinanyanyira: dzanja m'chiuno, miyendo tang'a, kupuma mokoka. Mumtima ndikuti, Gertrude, ona mwana wako.

Potembenuka ndi makandulo anga, maso ndi maso ndi apongozi. Ali mu yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo, yoyera ndi yakuda, pamodzi ndi amayi anzawo atatu, akuchokera kozonda wodwala.

Apa ndifotokoze kaye. Amuna anga ali ku Joni, ndipo tsiku limenelo anali atatha chaka ndi miyezi 4 asanapondeko kuno. Apongozi anali atatha theka la chaka asanandione. Sanandiyang'ane kumaso ayi. Anayang'ana pamimba, kenako n'kuyamba kupinda zala, chimodzichimodzi, milomo ikugwedera. Zala za dzanja limodzi zitatha anapita ku linalo. Amayi ena aja anayamba kuyang'ana kumwamba ngati pali ndege.

"Amama, si mmene mukuganiziramo," ndinatero.

"Ine sindikuganiza kanthu, ndikuwerenga," anayankha. "Kapena masiku ano zinthuzi zimabwera pa WhatsApp?"

Pakamwa panauma. Ine amene ndimaloweza masamba 30 pa sabata imodzi, mawu anandithawa onse. Chimene chinatsala ndi mwambo basi, mtengwa salankhula ndi apongozi ataima. Ndinagwada pamatope pomwepo. Ndiye mfundo ya kumbuyo inangoti phuu, lamba n'kutsetsereka, ndipo ndinamva mwana wanga akutsika pang'onopang'ono kudutsa m'mawondo.

Mayi mmodzi anakuwa "Yesu wanga!" n'kuvula chitenje kuti anditchinge. Wina anayamba kuthamangitsa anyamata a sakaramento kuti izi si za amuna. Wachitatu, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali namwino asanapume ntchito, anapinda manja a bulauzi n'kugwada pambali panga akuti ndipume mozama. Anapisa dzanja, n'kutulutsa khushoni, yofiira, mphonje zake zikudontha matope.

Kunali zii, kuposa wa Gertrude uja.

Apongozi anailandira n'kuitembenuza. Anapeza pamene panapsa ndi mbaula, pomwe anasoka okha ndi ulusi wakuda. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena athokoza Mulungu kuti banja la mwana wawo lapulumuka. Iwo nkhope inangoipiratu.

"Khushoni iyi ndinakwapulira mdzukulu wanga. Galu wa aneba ndinamusumira kwa amfumu. Kani ili kwa inu?"

Anaikwapatira m'khwapa, ndipo kupempha konse kuti andibwereke kwa maola awiri okha sikunathandize. Ndinabwerera kuholo wopanda mimba, diresi lili matope, makandulo atatu atathyoka. Dairekita anavula jekete lake, tinalipinda n'kulimanga changuchangu, ndipo linakhala chopendekera kumanzere, dzanja limodzi likusuzumira pansi pa diresi.

Nditatuluka pasiteji ndinawaona pa benchi yoyamba, onse anayi, khushoni ili pamiyendo pa apongozi. Tikiti analipira okha. Ndinalimba mtima mpaka pachimake pa sewero, pamene ndimagwa pamapazi pa madona ndikulira kuti mimbayi ndi ya abwana. Misozi inatuluka yeniyeni, holo yonse chete. Ndiye kuchokera kutsogolo kuja kunamveka mawu amene ndimawadziwa bwino:

"Musamumvere ameneyo! Ndi jekete!"