Firiji ya ku Siberia yathima

Dzulo magetsi anathima tsiku lonse kuno ku Johannesburg, nyama yanga mufiriji inasungunuka, fungo lake eeh musafunse. Mnzanga amvekere, achimwene izi ndi zazing'ono, ku Siberia, dera lozizira kwambiri la ku Russia, dothi lenilenilo ndi firiji. Ndipo sakunama, pansi panaundana zaka masauzande koma pano kukutentha ndiye pakufewa, nyumba zikung'aluka, misewu ikutitimira. Ku Norilsk mu 2020 thanki inaphwasuka, dizilo matani pafupifupi 20,000 kukhuthukira pansi ndi mumitsinje mpaka madzi kufiira. Ku Yamal mu 2016 dothi litafewa ndi kutentha matenda a anthrax anabuka, ma reindeer (nyama zonga mbawala zomwe amaweta kumeneko) oposa 2,000 anafa, mnyamata wina naye anamwalira. Komanso zowola pansipo zikutulutsa methane, mpweya womwe umasunga kutentha m'mlengalenga, kutentha kumangoonjezekera. Nyama ija ndangotaya, ndiwo lero ndi kabichi.